Kandulo pa Manda a Atate

Mwaka anatsika basi pa Chinyunyu m'maso muli gwa, ndipo mlandu unayambira pomwepo. Bambo ake anamwalira iye ali ku Estonia, ku yunivesite ya Tartu, komwe anapeza mwayi wa maphunziro mu 1995. Kuno kwathu munthu amene sanakhale nawo pamaliro amayamba kulira akadali kumsewu, amayi n'kutuluka kukamuchingamira, kenako abale n'kumuperekeza kumanda. Mwaka anangofika ndi chikwama chake, n'kugwira dzanja la mayi ake, a Eneless, n'kukhala pansi chete.

Chaka choyamba chonse ku Estonia ankaphunzira chinenero ndi chikhalidwe cha eni dzikolo. Mphunzitsi wake, mayi wosaseka wamba, anamuphunzitsa moni wa liwu limodzi, "tere", basi, osafunsa za ana kapena za mvula. Anamuuza kuti kumeneko chisoni sachionetsa pagulu. Pa Khrisimasi anatengera kalasi yonse kumanda, kukaona mabanja akuyatsa makandulo pamitumbira ya abale awo, ali duu m'chisanu. Uthenga wa maliro unamupeza Mwaka mwezi womwewo, ndipo analibe munthu wolira naye.

Ndiye atagona usiku woyamba kumudzi, kutacha, osauza aliyense, analowa yekha kumanda, n'kuyatsa kandulo pamtumbira wa bambo ake, n'kulankhula mawu achilendo. Amayi otola nkhuni anamuona. Nkhani zoterezi sizidikira basi.

Dzuwa lisanafike paliwombo, malume ake a Cleopas anali ataunjika mabuku ake onse pabwalo, pasipoti ili pamwamba. A Cleopas anali kondakitala wa minibasi, ndipo chitembenukireni mtima ankaona Satana ngakhale tayala likaphulika. Dzanja limodzi anagwira botolo la parafini, lina bokosi la machesi. Anthu anadzaza mpaka kukhola.

"Ba sisi, uyu mwana bamuloŵetsa vya Satana," anatero a Cleopas kwa a Eneless. "Sanalire. Ayenda eka kumanda na moto. Tishoke vonse ivi, asabwelereko futi."

Mwaka anachita mantha. Popanda pasipoti ija, sukulu inali itathera pomwepo.

"Amalume, ni mwambo chabe wa kuja," anatero. "Tinaphunzira mu kalasi."

"Mwamvera? Bamaphunzisa na mu kalasi!"

A Cleopas anathira parafini pamabuku. Fungo linafika mpaka pakhonde pomwe panakhala a Eneless. Palibe ankadziwa mbali yomwe aime, poti a Cleopas ndi amene anagula bokosi la maliro, ndipo mwana wawoyo anawachititsa manyazi pamaso pa mudzi wonse.

"Mwaka," anatero a Eneless, mawu ali pansi. "Kamba vamene unakamba kumanda. Apa, bonse bamvere."

Mwaka anabwereza mawu achilendo aja. "Puhka rahus, isa."

Ena anabwerera m'mbuyo. A Cleopas anatulutsa kamtengo ka machesi.

"Ndiye kuti chani?" anafunsa mayiyo.

"Pumulani mumtendere, atate."

"Atate bako benze kumvera chizungu cha kuja?"

"Iyayi, amai."

"Manje unabakambira chifukwa chani mu chitundu chamene sibaziŵa? Munthu pomwalira anakuitana dzina mpaka mawu kusila."

Mwaka anayang'ana pansi.

"Ninayesa mu Chinyanja, amai. Ninangokamba kuti 'atate', ninalephera kupitiliza. Ninayopa kuti nikayamba kulira sinizaleka."

"Nanga ndani anakuuza kuti uleke?" anatero a Eneless. "Kuno si kuja. Lira."

Kunatuluka kaliwu kakang'ono kaye, ngati ka mwana wodzidzimuka kutulo. Kenako Mwaka anagwa pafumbi n'kukuwa "Atate ine!" mokweza mpaka ogulitsa nthochi kumsewu anatembenuka. Amayi aja otola nkhuni, omwe anabwera kudzaonera moto, ndi amene anayamba kumuthandiza kulira. Anamuzungulira, ena akumugwira mapewa, maliro n'kuyambiranso ngati a dzulo.

A Cleopas anatsala okha pamulu wa mabuku, kamtengo ka machesi kali m'manja. A Eneless ananyamuka, n'kutola pasipoti, n'kuipukuta parafini ndi chitenje chawo. Kenako anatambasulira mlongo wawoyo dzanja.

"Leta machisa, Cleopas. Kandulo ija yazima na mphepo. Tiyenda tonse tikaiyashe."