Tsamba Limodzi Lonena za Lesieli

Kalata ya pa imelo inafika Lachinayi masana, ana atangoweruka. Lesieli anaiwerenga ali chiimire mu ofesi ya ahedi, momwe munali kompyuta imodzi yokha ya sukulu yonse, choko chikadali m'zala. Kenako anakoka mpando n'kuiwerenganso.

Inachokera kwa mayi wina dzina lake Bronwyn, wolandira mafomu ku yunivesite ina ya ku New Zealand, kumene Lesieli ankapempha malo ochitira digiri yachiwiri ya uphunzitsi. Mayiyo analemba mwaulemu. Masatifiketi afika, makalata a umboni onse awiri afika. Vuto linali tsamba limodzi lija lofuna kuti wopempha malo anene yekha zimene wachita pa ntchito yake.

"Tsamba lanu ndaliwerenga," anatero Bronwyn m'kalatamo, "koma silikutchula chilichonse chimene mwachita. Ndikalipereka chonchi, osankha asowa poyambira. Akumana Lolemba. Mukanditumizira lina mawa isanakwane 12 koloko masana, loyambalo ndilichotsa."

Lesieli anatsegula tsamba lakelo. Linamutengera milungu itatu kulemba. Linkanena kuti iye ndi mphunzitsi wamba wa pa kachilumba kakang'ono ka ku Ha'apai, m'dziko la zilumba pakati pa nyanja yamchere, wosadziwa zambiri, kuti pa zaka makumi awiri ndi ziwiri palibe chimene wachita choyenera kutchulidwa pamaso pa anthu ophunzira, ndiponso kuti ngati pangatsale kampando oyenera onse atakhala, adzathokoza. Anawerenga mpaka pansi osapezamo cholakwa. Munthu woleredwa amayankhula chotero. Malemu mayi ake ankati akaphera alendo nkhumba ziwiri, ankaima pakhomo n'kupepesa kuti m'nyumba muno mulibe kanthu, kachidutswa ka chilazi basi. Alendo ankamva bwinobwino, n'kudya nkhumba zawo.

Aka kanali kachitatu kuyesa. Chaka choyamba mapepala anachedwa chifukwa sitima sinafike pachilumba milungu isanu. Chaka chachiwiri mayi ake anadwala mpaka kumwalira. Thandizo la boma la aphunzitsi ofuna maphunziro otere linkathera pa zaka makumi anayi ndi zisanu, ndipo iye ankakwanitsa zaka zimenezo mwezi wa Malichi. Kachinayi kunalibe.

"Iwe Sieli, wafa kapena ukupemphera?"

Anali Kalolaine, mphunzitsi wa Sitandade 5, ataima pakhomo ndi kaphukusi ka chinangwa ndi nsomba m'manja. Anakulira limodzi, ndipo pakamwa pa Kalolaine panali pasanatsekekepo chibadwire.

"Zonse ziwiri," anayankha Lesieli.

Kalolaine anaweramira pa kompyuta. Anawerenga kalata ya Bronwyn, n'kuwerenganso tsamba la mnzakeyo, kenako anaphulika kuseka mpaka anagwira tebulo.

"Mayo ine! Ndiye unkafuna akupatse malo chifukwa cha chisoni? Bwanji sunawonjezere kuti maso ako ndi ofooka ndipo mwendo umodzi ndi waufupi?"

"Ndinalemba mwaulemu."

"Ulemu wopita kwa ndani? Anthu amenewa ukawauza kuti ulibe kanthu amakhulupirira. Mlamu wanga ku Auckland, ku New Zealand komweko, anauza bwana wake kuti sadziwa kwenikweni kuyendetsa galimoto, munthu woti wayendetsa malole zaka khumi. Ukudziwa chimene anamupatsa? Tsache."

Lesieli anamwetulira pang'ono, koma kuseka kunakana.

"Chabwino," anatero Kalolaine, akuika kaphukusi kake patebulo. "Munthu sadzinenera yekha, amamunenera mnzake. Lero wokunenera ndine. Iwe uzingolemba." Anakonza kamkeka kamene anthu a kumeneko amavala m'chiuno mwa ulemu, natukula chibwano ngati mkulu woyankhula pa phwando. "Lemba. Ine ndine mzati wa sukulu ino. Ine ndine nyali ya Ha'apai yense. Ana akamva mapazi anga, zilembo zimawalowa zokha m'mutu."

Zala za Lesieli zinalemba mawu awiri oyambawo n'kuima.

"Lemba, iwe!"

"Sindingathe, Kalo. Ndi bodza."

"Theka lokha."

"Ngakhale likanakhala loona lonse. Ndikaime bwanji pamaso pa Mulungu Lamulungu nditadzitcha nyali?"

"Ndiye khala mumdimamo," anatero Kalolaine, nkhope itasintha. "Zaka zonsezi ndakhala ndikumva za digiri, digiri. Tsiku lafika, ukuopa tsamba limodzi." Anatuluka akukokera masilipasi ake. Kaphukusi ka chakudya anakasiya patebulo, ndipo Lesieli anadziwa kuti sanakaiwale.

Kunyumba kunali zii. Mwamuna wake anali ku Australia kothyola malalanje, ana ake awiri ali ku sekondale ku chilumba chachikulu cha Tongatapu. Anapatsa nkhumba makoko a kokonati, anachapa yunifolomu ya kwaya, kenako anakhala pakhonde ndi kope pamiyendo. Ankayamba chiganizo n'kuchikhwatcha. Chilichonse chimene ankalemba chinkamveka ngati mawu a munthu woimirira pakati pa anthu okhala pansi. Dzuwa lisanalowe anali atang'amba masamba anayi. Anadya chakudya cha Kalolaine chija, natseka kope.

Lachisanu m'mawa belu la tchalitchi linalira monga mwa masiku onse. Lesieli anagwada pa benchi lake lachitatu kuchokera kumbuyo. Sanapemphe malo ku yunivesite. Anangoti, Ambuye, ndatopa. Ngati n'kunyada, ndichotsereni ndipume. Ngati si kunyada, ndisonyezeni poyambira. Anadikira. Anthu anaimba nyimbo yotsekera, maondo ake akuwawa, ndipo anatuluka monga analowera.

Atafika kusukulu anapeza a Sitaleki, ahedi, atakhala pa masitepe a ofesi ndi fayilo yakale pamiyendo. Anali bambo wachikulire wotsala chaka chimodzi kuti apume pa ntchito, wosachulutsa mawu.

"Aphunzitsi, dzulo munasiya kompyuta yosazimitsa," anatero. "Pepani, maso anga anagwerapo."

Lesieli anazyolika.

A Sitaleki anatsegula fayilo ija n'kutulutsa pepala lachikasu ndi chinyezi. "Namondwe uja atasasula denga, a ku unduna anatiuza kuti tilembe zimene zatsala. Analemba ndinu, dzanja ili ndi lanu. Madesiki khumi ndi limodzi. Bolodi imodzi yosweka pakona. Belu. Tandiuzani, pamenepa munadzitama?"

"Ayi, ahedi. Ndinangolemba zimene zinalipo."

"Munapepesa kuti madesikiwo ndi ochepa?"

"Ayi."

"Lembani zimene zilipo." Anaimirira pang'onopang'ono, dzanja lili pa bondo. "Ana anu ndikhala nawo ine mpaka 12 koloko."

"Ahedi, a Sitandade 1 aja? Akutopetsani."

"Ndikudziwa. Ndawaopa zaka makumi atatu. Pitani musanandisinthitse maganizo."

Lesieli anapita kaye m'kalasi mwake n'kutulutsa m'kabati zitini zitatu za mabisiketi. Anazinyamula kupita nazo ku ofesi, nazitsegula patebulo. Munali timabuku tating'ono ta Chitonga, chiyankhulo cha pa zilumbazo, tolemba pamanja pa makatoni odula, tosoka ndi chingwe cha mbedza. Anayamba kutipanga chaka chimene mabuku a boma ananyowa onse ndi namondwe uja, ndipo sanasiye. Anali asanatiwerengepo kuti tilipo tingati. Anatiika m'milu ya khumikhumi. Inakwana milu isanu ndi umodzi, n'kutsala tinayi.

Analemba kuti: Timabuku 64 towerengera ana a zaka zisanu ndi chimodzi, ta Chitonga, topangidwa pasukulu pano.

Anayang'ana mzerewo nthawi yaitali. Dzanja linawonjezera lokha kuti, ngakhale ndi tosaoneka bwino. Anafufuta mawu amenewo. Anamva ngati waba.

Mzere wachiwiri unali wa kalasi ya Loweruka m'mawa ya ana otsalira pa kuwerenga, imene inatha zaka zisanu ndi zinayi osadukiza, kupatula miyezi ya maliro. Wachitatu unali wa aphunzitsi achinyamata asanu amene unduna unawatumiza kuchilumba kuno, n'kukhala m'kalasi mwake teremu yoyamba kuonera mmene amayambitsira ana zilembo. Anawatchula mayina ndi kumene akuphunzitsa tsopano. Pa mzere uliwonse kupepesa kunkabwera kokha, ndipo pa mzere uliwonse ankakuchotsa. Kuchokera m'kalasi mwake kunkamveka phokoso la ana ndi mawu a a Sitaleki ochonderera kuti aliyense atsike pa desiki.

Kenako analemba chimene sichinali m'zitini. Chaka chilichonse pamakhala mwana mmodzi kapena awiri amene zilembo zimawakana. Ndi ana ochenjera, odziwa mayina a nsomba zonse ndi nyimbo zonse za m'tchalitchi, koma pepala likabwera amangoti kakasi. Panali mnyamata wina, Folau, amene anakhala naye zaka zitatu, Loweruka lililonse, mpaka anachoka pasukulu osatha kuwerenga dzina la sitima. Dzina la mwanayo sanalilembe. Analemba kuti: Mwana ameneyu ndinamulephera. Zonse zimene ndimadziwa ndinaziyesa ndipo zinatha. Ndikupempha malo kuti ndikaphunzire zimene sindikuzidziwa.

Ndime imeneyo yokha ndiyo inatuluka mosavuta.

Nthawi yopuma itakwana, Kalolaine analowa osagogoda n'kuima kumbuyo kwake. Anawerenga tsamba lonse osatulutsa mawu, chinthu chimene Lesieli anali asanachionepo.

"Makumi asanu ndi limodzi kudza anayi?" anatero pomaliza. "Ine ndimayesa tilipo khumi. Unkatipanga nthawi yanji, mfiti iwe?"

"Usauze munthu, Kalo."

"Ine? Ndiuze ndani?"

Netiweki inali itachoka. Anadikira onse awiri akuyang'ana kachizindikiro kozungulira, Kalolaine akutukwana mitambo, Lesieli manja ali pamiyendo. Itatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane 12 koloko, inabwerera. Lesieli anaika chala pa batani, koma sanadine.

"Ukapanda kudina iwe, ndikhalira chala chakocho," anatero Kalolaine.

Anadina.

Yankho la Bronwyn linabwera belu lisanalire. Linali la mizere iwiri. "Zikomo. Ili ndiye tsamba limene timafuna, ndipo dzina lanu lili pa mndandanda wa Lolemba." Lesieli anabweza timabuku m'zitini n'kupita kukamasula a Sitaleki, amene anawapeza atakhala pa kampando ka mwana, tayi ili kumbali, kamtsikana kena kakuwaluka tsitsi la imvi.

Masana a Lachisanu azimayi a m'mudzimo ankakumana m'holo ya tchalitchi kuluka mkeka waukulu wa ukwati wa mwezi wotsatira. Lesieli ankalakalaka kugona, koma malo ake pa mkekapo sakanakhala opanda munthu. Atangofika pakhomo anadziwa kuti Kalolaine wadutsapo kale.

"Patukani, apulofesa afika!"

"Mabuku makumi asanu ndi limodzi kudza anayi! Ife kamkeka kamodzi miyezi itatu."

"Tikuyalireni chiyani, amayi? Pansi pano mukhala?"

Anaseka onse, ndipo kwambiri kunali kuseka chabe. Koma 'Alisi, mkazi wa msungichuma wa mpingo, ananena osakweza maso pa ntchito yake, "Malemu mayi ako sankadziwerengera zabwino zawo chonchi."

Kuseka kunatha. Lesieli anakhala pansi pomwepo pakhomo.

"Pepani, azimayi," anatero motsitsa mawu. "Anafunsa, ndiye ndinayankha."

Masamba olukira ankangoti tswatswa m'zala. Kenako Hulita, mayi ake a Folau, mkazi wowonda wosakonda kuyankhula pagulu, anatembenuka kuchokera kumapeto kwa mkeka.

"Aphunzitsi, akuti mwalembamo za mwana wina amene sanathe kuwerenga."

"Dzina sindinatchule, Hulita."

"Ndikudziwa." Anapinda tsamba limodzi, n'kulilowetsa pansi pa linzake. "Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi tsopano. Akakuphunzitsani kumeneko, mudzamuyesanso?"

"Sananditenge. Angolandira pepala lokha. Asankha Lolemba."

"Ndamva. Ndikungofunsa."

Lesieli anayang'ana zala za mayiyo, zong'ambika ndi madzi a m'nyanja.

"Akadzalola iyeyo," anatero, "ndidzamuyesa."

Hulita anasendera pang'ono kumanzere n'kusiya mpata. Lesieli anayenda chogwada mpaka pamenepo, natola masamba ake, n'kuyamba kufufuza pamene mzere unalekera.