Mjigo wa Amake Misozi

Mjigo umene unali pabwalo pa Dainess Daka, kumaploti a kuseri kwa Garneton, anakumbitsa ndi mwamuna wake Jonah atamuchotsa ntchito kumgodi. Anzake atalandira ndalama zawo zochotsedwera ntchito anagula magalimoto, ena anakabisa akazi achiwiri ku Ndola, koma Jonah anati watopa kuona mkazi wake akuthyoka khosi ndi zigubu. Madziwo sanamwe nthawi yaitali, Mulungu anamutenga. Dainess anatsala ndi mjigo, dimba la repu, ndi bulauzi yoyera ya Chigwirizano cha amayi a kumpingo.

Bulauziyo ankaikonda kuposa zonsezo. Anaivala koyamba mwana wake Misozi ali kumsana, ndipo lero Misoziyo ndi mayi wa pakhomo pake. Mayi wa Chigwirizano akamwalira amamuveka bulauzi yake, anzake n'kuzungulira bokosi akuimba mpaka kumanda. Dainess anaimbira amayi ambiri, ndipo sankabisa kuti nayenso akuyembekeza ulemu womwewo.

Anansi ankatunga pamjigopo. Wokhala nazo ankasiya kandalama kogulira zitsulo zikatha, wopanda ankangoti zikomo n'kusenza.

Lachinayi lina m'chilimwe, Dainess atavala kale kuti azipita ku Chigwirizano, panaima galimoto. Munatuluka Hector Chisenga, mkulu wa mpingo wawo womwewo, amenenso anali wapampando wa komiti ya chitukuko m'deralo. Hector anali munthu wa pakamwa pa uchi, wotha kukupempha nsapato uli paulendo iwe n'kumuthokoza. Anali ndi anyamata awiri, wina atanyamula kamera, wina kachikwangwani ka Chingerezi.

"Amake Misozi, mwawala lelo," anatero Hector. "Tili kuona chabe momwe anthu avutikira na manzi. Imani apo mupopeko pang'ono, bakujambuleni."

Mlendo sam'funsa zambiri, makamaka akakhala mkulu wa mpingo. Dainess anakonza duku, nagwira mjigo, namwetulira mano onse. Mnyamata uja anatsamiritsa kachikwangwani pambali, kamera inalira, kachikwangwani kanabwerera m'galimoto. Dainess anawapatsa munkoyo woti amwe, nawathyolera repu wodzaza thumba, n'kuwaperekeza mpaka pamsewu. Akuluakulu sananame kuti chifundo chinapha nkhwali.

Chaka chotsatira boma linatsegula tsamba pa intaneti, loti munthu aliyense wokhala ndi foni aziona ndalama za chitukuko: zapita kuti, zagula chiyani, wagwira ntchitoyo ndani. Anthu ambiri sanalabadire. Koma Jemimah, mayi wa kabokosi kotumizira ndalama pafupi ndi siteji, amene amakhala tsiku lonse chala chili pafoni, analowapo kuti aone za kwawo. Anapeza mjigo wa anthu onse, wokumbidwa ndi boma, ntchito yatha, ndalama zalipidwa. Pansi pake panali chithunzi cha Dainess ali mu bulauzi yoyera, akupopa, mano onse panja.

Dzuwa lisanapendeke, pabwalo pa Dainess panadzaza amayi ndi zigubu, Jemimah ali patsogolo foni ili m'mwamba.

"Bana Misozi, kanshi ndimwe otero?" anatero Jemimah. "Manzi ya boma mutigulitsa? Onani apa, one hundred and eighty thousand. Na uniform ya church mwavala pa kuba."

Dainess anatenga foniyo, naitalikitsa ndi maso kuti aone bwino. Anadziona. Anaona mjigo wa Jonah, ndi mtengo wa mapeyala umene Jonah anadzala, ndi kachikwangwani kaja kakunena kuti zonsezi ndi mphatso ya boma. Manyazi anam'gwira koyamba, manyazi a munthu amene waseka ndi wakuba. Kenako mtima unayamba kutentha.

"Iwe Jemimah," anatero, "pamene makina anabwera kukumba pano, sunali kugulitsa vitumbuwa kwa anyamata okumba? Unaona boma?"

"Ine nikamba vamene valembedwa."

"Valembedwa, inde. Manje ufunse amene analemba."

Amayi ena anayang'ana pansi, poti ankakumbukira bwino. Koma nkhani yokoma siifuna mboni. Pofika Loweruka inali m'kamwam'kamwa, pamsika ndi m'minibasi, kuti mayi wa Chigwirizano watchingira mjigo wa boma ndi mpanda. Ana ankamuloza. Ogula repu anayamba kudutsa ngati sakumuona.

Loweruka lomwelo Hector anabwera, ulendo uno wopanda kamera. Anabwera ndi Agatha Mbewe, mtsogoleri wa Chigwirizano, mnzake wa Dainess wa kalekale, wochokera naye ku Katete. Dainess anawapatsa mipando pansi pa mpeyala. Munkoyo sanawapatse.

Hector anayamba ndi pemphero, lalitali ndithu, lokhudza mtendere pakati pa abale. Atati ameni ananena kuti anyamata a ku ofesi anasokoneza zithunzi, zinthu zimene zimachitika. Njira yokonzera inalipo, yosavuta. Mawa m'tchalitchi, nthawi ya zolengeza, Dainess aimirire anene kuti mjigowo anaupereka yekha kwa anthu, mogwirizana ndi komiti. Mpingo udzawomba m'manja, dzina lake lidzayera, ndipo komiti sidzamuiwala.

"Ndipo chithunzi chija tizachotsa pa internet," anawonjezera Hector. "Page yonse ya kuno tizapempha baitseke, yabweretsa chabe chongo na mikangano."

"Musachotse," anatero Dainess.

Hector anaseka pang'ono. "Amayi, ni nkhope yanu ili paja."

"Ni yanga. Ikhale pamene munaiika. Mukachotsa, anthu azaona kuti zimene munalemba? Chaka chonse munadya muli chete, palibe anadziwa. Lelo foni yakamba, mufuna kuitseka pakamwa."

Hector anaimirira, nasasa fumbi pathalauza, nati akawadikira m'galimoto amayi Mbewe. Agatha anasendeza mpando pafupi. Iyeyu sanali munthu woipa, anali munthu wamantha, ndipo denga latsopano la tchalitchi linali la malata a Hector.

"Dainess, mvera ine," anatero Agatha motsitsa mawu. "Akulu akambirana kale. Akuti unajambulitsa yunifomu pa zinthu za dziko, ndiwo mlandu woyamba. Ukakatsutsa mkulu wa mpingo pamaso pa anthu, ndi wachiwiri. Adzandituma ine kudzatenga bulauzi. Tanena mawu awiri okhawo, Mulungu akudziwa zoona."

"Ndiye poti akudziwa, ndikaname m'nyumba mwake?"

"Suli mwana iwe. Ukadwala mawa?"

Funsolo linam'lasa Dainess, pakuti ndi lomwe ankadzifunsa yekha. Alendo atapita anakhala pakhonde nthawi yaitali. Ankaopa, tisaname. Ankaona bokosi lake likutuluka pachipata popanda mzere woyera wa amayi, anthu akunong'onezana kuti uyu anachotsedwa. Koma akati ayese mawu a Hector m'kamwa, lilime linkakana. Kunena kuti anapereka mjigo kunali kufafaniza Jonah, n'kumusainira Hector kuti ndalama za mjigo weniweni, umene anthu sanauone, zinayenda bwino.

Lamulungu tchalitchi inadzaza kuposa masiku onse, poti mbiri inali itamveka kuti amake Misozi alankhula. Ngakhale Jemimah, wa mpingo wina, anakhala kumbuyo pafupi ndi khomo. Mlembi atatha kulengeza za ukwati ndi za odwala, anati mayi Daka ali ndi mawu. Hector anali kutsogolo pa mpando wa akulu, manja atapinda pamimba, akugwedeza mutu ngati nyimbo yayamba kale.

Dainess anayenda mpaka kutsogolo. Mawu ake anatuluka owongoka.

"Abale, andiuza kuti ninene kuti mjigo wa pakhomo panga ninapereka. Sininapereke. Anakumbitsa ni malemu amuna anga, ambiri a inu munalipo. Amene atunga, atunga chifukwa ndine mnansi wao, osati chifukwa cha komiti."

Mlembi anatsokomola. Abusa anakweza dzanja pang'ono, koma Dainess sanayang'aneko.

"Boma linatuma ndalama za mjigo wanu. Zili pa foni, aliyense angaone, na dzina la amene analandira lili pamenepo. Mjigo wanga ndi uwo mumaudziwa. Wanu uli kuti? Ine sinidziwa. A Chisenga ali apa, afunseni. Ndipo wina akakuuzani kuti page ija itsekedwe, mukane. Nkhope yanga ikhale paja mpaka mjigo wanu uoneke."

Kenako kunamveka kaphokoso kachilendo m'nyumba ya Mulungu, ka zipi za zikwama, anthu akutulutsa mafoni. Woyambitsa nyimbo anayesa kuponya nyimbo kuti aphimbe, koma anaimba yekha mzere wonse woyamba. Hector anakhalabe akumwetulira, thukuta likutsikira m'kolala. Dainess anabwerera pamalo pake pakati pa amayi, ndipo amene anali kumanja kwake anasendera pang'ono kuti asakhudzane naye.

Akulu anakumana tsiku lomwelo, ndipo sanachedwe. Za mjigo anati si nkhani ya mpingo. Za mayi wonyoza mkulu pa nthawi ya mapemphero, imeneyo inali yawo.

M'mawa mwake Jemimah anadutsa pachipata ndi amayi ena, atavala zopitira m'tauni. Sanapepese, pakuti Jemimah sapepesa. Anangoima n'kunena kuti akupita ku ofesi kukafunsa mjigo wawo, ndipo chithunzi chija achisunga m'mafoni onse, wina achotse aone. Dainess anawauza kuti ayende bwino, napitiriza kusita.

Ankasita bulauzi. Anaichapa m'bandakucha, naiyanika pa waya, ndipo tsopano ankaidutsitsa simbi mosamala m'mphepete mwa mabatani. M'maso mwake munalengeza misozi kamodzi, naipukuta ndi chitenje msanga kuti isadonthere pansalu.

Agatha anafika dzuwa litakwera. Kudzanja lina anali ndi kathumba kapulasitiki, kudzanja lina chigubu, poti kwawo mpopi unali utauma sabata yonse. Atafika pabwalo anazindikira momwe zinthu ziwirizo zikuonekera pamodzi, nayesa kubisa chigubu kumbuyo kwa mpanda.

"Bwera nacho," anatero Dainess.

Anam'patsa bulauzi yopindidwa bwino, duku lili pamwamba. Agatha anailandira ndi manja awiri.

"Akuti mpaka udzapepese pamaso pa mpingo," anatero.

"Adikira."

"Dainess, ukatisiya uli chonchi, sadzatilola kuvala zoyera pamaliro pako. Sitidzakuimbira."

Dainess anatenga chigubu chija, nachiika pansi pa mjigo. Mtima unkamuwawa kwambiri, koma sunali wolemera ngati dzana.

"Musadzaimbe," anatero. "Koma podzandisambitsa mudzatunge pano. Ndidzapita ndi madzi a mwamuna wanga, osati a Chisenga."

Anagwira chitsulo nayamba kupopa, Agatha ali chiimire ndi kathumba kake pachifuwa.