Khonde la Mbatatesi

Papepala panali mizere yokhayokha. Amuna anga, a Momade, anandionetsa katatu konse: bokosi lalikulu ndi nyumba yathu ya ku Namacula, kabokosi kakumbuyoko ndi kosungiramo mbatatesi komwe akufuna kumanga. Ine ndinangovomera. Za mizere ndingazidziwire kuti?

Lachiwiri ndinawaperekeza kwa Sílvia, mtsikana wojambula nyumba pa kompyuta, kuti akatenge pulani yomaliza.

"Dona Zaina, senderani muone," anatero Sílvia.

Anagwira kabokosi kaja pa kompyutapo n'kukakokera m'mwamba. Mizere ija inadzuka, n'kusanduka makoma. Anaboola khomo, anaboola mawindo awiri, kenako anakoka timadontho tinayi takutsogolo, tinaimirira n'kukhala mizati ya khonde. Ndiye anaizunguliza nyumbayo kuti ndiione mbali zonse.

Khomo lake linafulatira lathu. M'kati munali khoma logawa chipinda ndi pabalaza. Mawindo ake anali aakulu kuposa kawindo ka kuchipinda kwanga, kamene ndakhala ndikudandaula nako zaka khumi ndi ziwiri, iwo n'kumangoti tidzaona.



A Momade anatsokomola. "Zimitsa, mwanawe, tachedwa."

"Usazimitse," ndinatero ine. "Izungulizenso."

Sílvia anaizungulizanso, osadziwa kanthu. "Khondeli bambo anati likhale lalikulu ndithu, poti mwini wake amakonda kukhala panja."

Ndinatembenuka n'kuwayang'ana amuna anga. Iwo maso anali pa nsapato zawo.

"Bambo a Fátima," ndinafunsa, "mbatatesi yokonda kukhala panjayi, dzina lake ndani?"