Mchenga Pampando wa Aphunzitsi

A Injiniya sanaphunzirepo za uinjiniya. Anagwira ntchito yosunga makiyi a chipinda cha zipangizo pa kampani ina ya mabasi mpaka kupuma. Koma poti ankayenda ndi tepi yoyezera m'thumba la shati, ndiponso sankayankha funso asanatsokomole kaye, dzinalo linawamatirira, ndipo iwo sanalikane.

Atapuma pa ntchito anagula chigoba cha galimoto yoyenda m'mapiri, chimene nkhuku zinali zitayamba kale kuikiramo mazira. Anachikokera kuseri kwa nyumba yawo, kumene mlamu wawo wowotcherera zitsulo, mlongo wa akazi awo, anali ndi shedi. Mlamuyo nayenso sankadziona wochepa: ankati chitsulo chabwino amachidziwa pongochinunkhiza. Awiriwa anakhala zaka akuchiveka chigobacho. Anaikapo bampa yonga chipata cha ndende, winchi yoikokera ikatitimira, kaliyala pamwamba, matayala apadera awiri, zigubu za mafuta, ndi nyali zokwana kuwunikira bwalo la mpira. Aliyense wodutsa ankauzidwa kuti galimotoyo idzafika kumene msewu umachita manyazi. Pageti inali isanatulukepo.

Chotsala chinali masipuling'i, zitsulo zopiringizika zija zimene zimakhala pafupi ndi tayala lililonse n'kumasenza thupi la galimoto. Wogulitsa zipangizo anawabwereka mitundu iwiri kuti asankhe okha. Ofiira anali onenepa, olimba, osenza katundu popanda kuwerama, koma dzenje lililonse amalipereka lonse kumsana wa wokwera. Akuda anali ofewa, omeza mabampu, koma ukawasenzetsa zambiri amagwada, mimba ya galimoto n'kumakhula miyala. Kukanakhala kale, a Injiniya akanatha miyezi akusankha, n'kumamva kukoma. Tsopano miyeziyo panalibe.

Akazi awo, amene aliyense ankawatchula kuti Aphunzitsi, anali atatuluka m'chipatala ndi mawu aja madokotala amanena akuyang'ana pansi: muzikawasamalira kunyumba. Matenda anali atalowa m'mafupa. Iwo anapempha chinthu chimodzi chokha, kukaona akulu awo, amene anachita khungu ndipo ankakhala kuseri kwa phiri, kumene mlatho unakokoloka, minibasi n'kusiya kupitako. Galimoto yoti n'kufika kumeneko inali yomwe ija ya kuseri kwa nyumba.

Anayamba kuyesa masipuling'i ofiira, chifukwa a Injiniya anati akudawo ndi a galimoto zopitira ku ukwati. Kayesedwe kake kanali kotere: umakweza katundu yense amene udzayende naye, pampando wa munthu aliyense n'kuikapo matumba a mchenga olingana ndi kulemera kwake, kenako n'kuyeza mpata wa pakati pa tayala ndi madigadi kuti uone mmene galimoto yakhalira. M'mawa umenewo a Injiniya anasanjika matumba atatu pampando wa akazi awo, n'kuwamanga lamba. Mlamu anayang'ana, anapukuta manja pa ovolosi, n'kutsitsapo limodzi.

"Alamu, thumbalo libwezereni."

"Awiri akwana."

"Mayiwa ndakhala nawo ine zaka zonsezi. Kulemera kwawo ndikukudziwa. Inu munawanyamulapo liti?"

"Tsiku lija timatuluka m'chipatala, pamasitepe. Inu munali kutsogolo, mukuphunzitsa dalaivala wa takisi kusintha magiya."

"Amawononga kilatchi munthu uja."

"Awiri akwana, alamu. Mwinanso achuluka."

A Injiniya ananyamula thumbalo n'kulibwezera. Mlamu analitsitsanso. Amuna awiri a imvi anakhala akulimbirana thumba la mchenga, wina akutchula sayansi, wina akutchula mphuno yake, ndipo palibe anafuna kutchula chimene ankakanganirana.

"Ameneyu ndi ndani wakhala pampando wanga, mpaka kumanga lamba?"

Anali Aphunzitsi. Anali atayenda kuchokera kuchipinda akugwira khoma, ndipo anaima pakhomo la shedi, juzi ya amuna awo ikuwafika m'mawondo.

"Ndi inuyo, mayi," anatero a Injiniya. "Mwa mawerengedwe."

"Ndiye ndanenepa bwino. Mukanandiveka ndi mpango kumutu, anthu asamandione dazi." Anatembenukira kwa mlongo wawo. "Iwe, chotsa mkazi mnzangayu. Mwini mpando ndilipo."

"Achemwali, mukanagona."

"Kugona ndigona, usadere nkhawa. Ndikweze."

Anatsitsa matumba onse, a Injiniya n'kuyeza mpata uja galimoto ili yopanda munthu. Kenako Mlamu anawanyamula achemwali ake n'kuwakhazika pampando. A Injiniya anagwada, anatambasula tepi, anayang'ana. Anavula magalasi, anawapukuta, anayang'ananso. Galimoto sinadziwe n'komwe kuti mwalowa munthu.

"Tepi iyi yatha," anatero. Anatsokomola monga mwa nthawi zonse, n'kubweza tepi m'thumba la shati.

"Bambo, popeza ndakwera kale, ndiyendetseniko. Zaka zonsezi ndakhala ndikungoimva m'nkhani."

Injini inalira, agalu a m'makomo oyandikana anayankha. Pageti panali kangalande kamene mwana amadumpha osaganizira. Tayala lakutsogolo litagweramo, galimoto yonse inagunda ngati wilibala, lakumbuyo n'kubwereza. Aphunzitsi sanakuwe. Anangogwira chogwirira cha chitseko, maso ali otseka, thukuta likutuluka pamphumi ngati awaza madzi. Panapita nthawi asanapume.

"Galimoto yabwino," anatero. "Yamphamvu. Pitirizani."

A Injiniya sanapitirize. Anazimitsa injini pomwepo pamsewu, anawanyamula okha akazi awo mpaka kuchipinda, ndipo pobwerera sanayang'ane munthu kumaso.

"Alamu, akuda."

"Akuda ndi katundu yenseyu? Mimba ikakhula mwala woyamba, mukasiya difu ndi matumbo onse a galimoto m'phiri."

"Ndiye katunduyo atsike."

"Uti?"

"Yense."

Mlamu anadandaula ngati akumuzula dzino. Bampa ija anaiwotcherera yekha, ndipo anati mzere wake unali woyenera kuuonetsa ana a sukulu ya ntchito zamanja. Komabe anayatsa galainda. Inatsika bampa, inatsika winchi imene inali isanakokepo ngakhale chitsa, kaliyala, zigubu, tayala limodzi lapadera, nyali zonse zowonjezera. Anthu amene kwa zaka anauzidwa ntchito ya chinthu chilichonse anaima kumpanda akuonerera, ndipo a Injiniya anawafotokozera kuti umu ndi mmene akatswiri akuchitira masiku ano. Pomaliza galimotoyo inkaoneka ngati nkhuku yososola. Ataika masipuling'i akuda, anaidina ndi dzanja pakona, inatsika mofatsa n'kubwerera mofatsa. Anaphwetsako matayala pang'ono, pampando n'kuyalapo mapilo onse a m'nyumba.

Ananyamuka m'mawa, Mlamu ali kumbuyo pamodzi ndi chikwama cha Aphunzitsi. Msewu wa tala utatha, a Injiniya anayenda liwiro loti munthu wa njinga atanyamula chitseko anawapitirira, n'kuwafunsa ngati afuna thandizo. Dzenje lililonse ankalilowa chammbali, tayala limodzi limodzi, diso lina lili pa dzanja la akazi awo. Likafinya chitseko, ankaima. Anaima kambiri.

Pamtsinje panalibenso winchi yodalira. Mlamu anapinda thalauza n'kutsogola m'madzi, akuloza kumanja uku akukuwa kuti kumanzere. Pakati penipeni mimba inakhula mwala, phokoso lake lowawa m'mano. Galimoto inaganiza kaye, kenako inatuluka tsidya lina ikudontha madzi.

"Mwaona, mayi? Mawerengedwe."

"Ndaona, bambo," anatero Aphunzitsi osatsegula maso.

Akulu awo anali pakhonde, atamva injini ili kutali. Mlamu anawakhazika awiriwo pamphasa imodzi. Wakhunguyo anapapasa nkhope ya mng'ono wake, anatsika m'khosi, m'mapewa, n'kuzunguliza zala pamkono.

"Alamu," anatero kwa a Injiniya, "mwandibweretsera theka la mng'ono wanga. Theka linalo mwasiya kuti?"

"Likubwera pambuyo, likuyenda wapansi," anayankha Aphunzitsi, ndipo onse awiri anaseka mpaka kusekako kunasanduka china. Amunawo anapita kukayang'ana pansi pa galimoto, pamene panalibe choyang'ana.

Dzuwa litapendeka, Mlamu anati ndi bwino awoloke kukuwalabe. Aphunzitsi anaitana amuna awo.

"Bambo, ndipatseni chikwama changa."

A Injiniya anachitsitsa, ndipo zipi yake inali itatseguka pang'ono ndi kugwedezeka kwa m'njira. Sichinali chikwama cha ulendo wa tsiku limodzi. Munali zovala zonse zimene zinkawakwanabe, mankhwala onse, ndi diresi labuluu lija ankalisungira masiku aakulu.

"Msewu uja sindingaubwerezenso," anatero Aphunzitsi motsitsa mawu. "Mwayesetsa. Unali wofewa. Koma kawiri ayi. Inu bwererani, nyumba ili yokha."

A Injiniya anaima atagwira chikwamacho. Anayang'ana phiri, anayang'ana galimoto. Anatsokomola.

"Kubwerera lero sizingatheke," anatero. "Masipuling'i atsopano akayenda ulendo woyamba amafunika apume, akhazikike. Ukawabwereza msanga amathyoka. Zimatenga masiku. Nthawi zina masabata."

Aphunzitsi anayang'ana mlongo wawo. "Iwe, n'zoona zimenezi?"

Mlamu anayenda mpaka pa tayala lakutsogolo, anawerama, ananunkhiza.

"N'zoona, achemwali. Atopa kwambiri. Ine nditsika wapansi mawa, ndizikayang'anira nyumba."

"Chabwino," anatero Aphunzitsi. "Poti anena ndi akatswiri."

A Injiniya analowetsa chikwama m'nyumba, n'kubwerera kukatenga mapilo.