Route 66 Popanda Wallace

Wallace anayamba kuyendetsa galimoto ku Balaka ali ndi zaka makumi awiri. Anayamba ndi minibasi, kenako malole a ku Beira, ndipo atasamukira ku Birmingham anapeza ntchito yoperekera katundu m'masitolo kuchokera ku depoti ina ya ku Aston. Zaka zonsezo sanagundepo ngakhale nkhuku.

Msewu umodzi ndi umene unamutsalira mumtima: Route 66 ya ku America. Anauonera koyamba m'kanyumba ka vidiyo pamsika wa Balaka, iye ndi mnzake Rapson atapanikizana pabenchi. Mafilimu ake anali a anthu othawa kwawo pa galimoto zazitali zopanda denga, msewu uli tambalale, uku chipululu uku chipululu. Chingerezi chake sankachimva chonse, koma nyimbo za country zimene zinkalira m'mafilimumo anaziloweza. Analonjezana kuti akadzakwanitsa zaka 60 adzauyendetsa wonse, kuchoka ku Chicago mpaka kunyanja ya ku California, akusinthana chiwongolero.

Rapson naye anadzabwera ku England, nakhazikika ku Nuneaton komwe ankasamalira okalamba. Chaka chatha onse awiri anakwanitsa zakazo, ndipo anagula matikiti a mwezi wa September.

Mu June, pa raundabauti ina, Wallace anamva kuti phaa! pachitseko cha lole. Anali munthu wa panjinga, atamenya ndi dzanja, akukalipa. Sanavulale. Koma Wallace sanamuone akubwera, ngakhale pang'ono, ndipo kunali kowala bwino.

Mkazi wake, Twambilile, atamva nkhaniyi sanachedwe. Anamutengera koyezetsa maso ku Kings Heath. Kumeneko anamuika chibwano pa makina n'kumuuza kuti azidina batani akaona kakuwala. Wallace anadikira kakuwalako nthawi yaitali, akuganiza kuti makinawo sanayambe. Anali atayamba kalekale.

Kuchipatala dokotala anati ndi glaucoma, matenda amene amadya maso kuyambira m'mbali mwakachetechete, ndipo anali atagwira maso onse awiri. Mankhwala odontheza angachedwetse matendawo, koma zimene zinapita sizingabwerere. Laisensi anayenera kuibweza.

"Ya lole yokha?" anafunsa Wallace.

"Ndi ya galimoto yaing'ono yomwe," anatero dokotala.

Rapson anabwera Lamlungu lotsatira atatuluka m'tchalitchi, atanyamula mapu amene anali atawalemba mizere yofiira. Wallace anamusiya kuti awayale patebulo, kenako anamuuza. Rapson anasalaza mapuwo ndi chikhatho.

"Palibe vuto, aise," anatero pomaliza. "Ndiyendetsa ndine. Iwe uzikhala pambali, uziika nyimbo."

"Makilomita pafupifupi 4,000, ine ndili phee ngati thumba la chimanga?"

"Koma ukhala utauona."

"Ndiona chiyani? Panopa ndikukuona iweyo ngati ndikusuzumira mupaipi. Chipululu chonsecho chikhala kumbali, kumene kulibe maso."

Mwana wawo Jade, amene anabadwira ku Birmingham konko ndipo anali atangoyamba ntchito, anaima pakhomo la kukhitchini. "Dad, just go. You'll regret it," anatero.

"Sungamvetse, mwana wanga."

"Bambo a Jade, pitani," anatero Twambilile motsitsa mawu. "Mwakhala mukutiimbira za msewu umenewu chikwatiranireni."

Wallace anapukusa mutu. Rapson anapinda mapu ake molakwitsa mapindidwe, nawakankhira m'thumba la jekete.

"Zaka makumi anayi ndakhala ndikukudikira," anatero. "Ndikanatha kupita kale ndekha. Ukuganiza kuti ukudzilanga wekha?"

Rapson anachoka osamwa tiyi.

Mu September Rapson anapita ndi mkazi wake Helen. Mavidiyo anayamba kufika pafoni ya Wallace tsiku ndi tsiku. Anatsegula yoyamba yokha: dzanja la Rapson pachiwongolero, nyimbo ikulira, Helen akuseka. Enawo anawasiya osatsegula. Masiku amenewo ankakhala pakhomo, akumvetsera mvula ndi magalimoto odutsa mumsewu, ndipo ankadziwa ndi khutu lokha dalaivala amene wachedwa kusintha giya.

Sabata yachiwiri Rapson anaimba ali ku Arizona. Twambilile ndi amene anayankha, n'kuika foniyo m'dzanja la mwamuna wake asanakane.

"Aise, sunataye kanthu," anatero Rapson. "Msewu wake ndi wodukaduka. Malo ena umangothera muudzu, n'kubwerera kukalowa mumsewu waukulu pakati pa malole. Malo omwetsera mafuta ambiri ndi mabwinja. Otseguka akungogulitsa makapu ndi zipewa kwa alendo. Mafilimu aja anatinamiza."

Wallace ankamva mphepo ikuwomba kumbuyo kwa mawuwo.

"Galimotoyo ikukoka bwanji?" anafunsa.

"Eee, iwe! Ukangoponda pang'ono imachita ngati ikufuna kuuluka. Dzulo ndinayenda ola lathunthu osakumana ndi munthu, dzuwa likulowa kutsogolo kwanga chonchi, mapiri ali psuu..." Rapson anadukiza. Anali atadzimva yekha.

"Pitiriza," anatero Wallace.

"Ayi, basi. Zinali bwinoko."

"Uyende bwino. Upereke moni kwa alamu."

Anadula foni n'kuibweza kwa mkazi wake. Tsiku limenelo sanadye.

Kumayambiriro kwa October galimoto yake inagulitsidwa kwa munthu wina wa ku Walsall. Wallace anamufotokozera zonse za klatchi ndi mafuta, mpaka munthuyo anayamba kuyang'ana wotchi. Tsiku lokaonananso ndi dokotala, Jade anamutenga pa kagalimoto kake. Njira yonse phazi la Wallace linkaponda pansi paliponse pamene akanaponda buleki, ndipo Jade anachita ngati sakuona.

Dokotala anati diso lamanzere laipirako, ndipo pafunika opaleshoni mu January. Kudepoti anamupatsa ntchito ina, yosanja makatoni m'nyumba yosungira katundu, momwe malole amangowamva akulowa ndi kutuluka. Amakwera mabasi awiri kuti akafike.

Rapson atabwerako anaimba kawiri, koma Wallace sanayankhe. Kachitatu anaimbira Twambilile, kufunsa ngati angabwere Loweruka.

"Ndiwayankhe chiyani?" anafunsa Twambilile m'mawa mwake, atagwira kabotolo ka mankhwala.

Wallace anakhala pampando n'kupendeketsa mutu chagada. Mkazi wake anamutsegula chikope ndi chala, nadontheza kumanzere, kenako kumanja. Mankhwalawo anatsikira m'masaya.

"Muuze abwere," anatero ali chitsinzinire. "Koma zithunzi azisiye kunyumba."