Ng'ombe ya Ukwati wa Tisunge

Lazarus adagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi pakhola lonenepetsera ng'ombe la mayi Lufina, kufupi ndi Tsangano. Kholalo adawasiyira malemu amuna awo. Ankagula ng'ombe zowonda m'midzi ya m'malire, n'kuzitsekera miyezi itatu zikudya madeya, mapesi ndi masangwe a mtedza, kenaka ogulitsa nyama a pa Boma ankabwera ndi lole kudzatenga. Lazarus ndiye ankazidyetsa, kuzimwetsa, kupala ndowe ndi kuzipopera mankhwala a nkhupakupa Loweruka lililonse.

Chaka chimenecho m'kholamo mudali ng'ombe yofiira, yofula, imene mayi Lufina adaipatula kuti idzaphedwe paukwati wa mwana wawo wamkazi, Tisunge. Idanenepa mpaka khosi kuchita mapindi, ndipo aliyense wobwera pakhomopo ankamutengera kukhola kuti akaione.

Mwezi wa Julaye mkazi wa Lazarus, Atikonda, adagonekedwa m'chipatala ndi chibayo. Lazarus ankathira madeya m'mamawa, n'kupalasa njinga kukazonda wodwala, n'kubwerako dzuwa litapendeka. Masabata awiri adadutsa ng'ombe osazipopera, ndipo sadauze munthu, poopa kuti angamuone ngati waulesi.

Atikonda atatuluka m'chipatala, ng'ombe yofiira ija idasiya kudya. Idaima pakona osabzikula, ubweya utaima, mutu uli zyoli. Lazarus atapinda khutu lake adapeza nkhupakupa zitadzazamo. Mayi Lufina adali ku Lilongwe kokagula za ukwati, choncho adaimbira foni a Kenneth, mlangizi wa ziweto, amene adabwera panjinga yamoto n'kuibaya jakisoni.

"Ichira imeneyi," adatero a Kenneth. "Koma mumvetse bwino. Mankhwalawa amakhalitsa m'nyama. Isaphedwe mpaka patapita masabata anayi, chifukwa anthu akadya ena amawavuta m'thupi."

Lazarus adangovomera ndi mutu. Sadanene kuti kwatsala masiku khumi ndi awiri kuti ukwati uchitike.

Patatha masiku anayi ng'ombe idayambanso kulimbirana madeya ndi zinzake. Mayi Lufina atabwerako adaipeza ikunyezimira, ndipo sadakayike kanthu. Lazarus ankadziuza kuti nyama ikabwata m'mphika mankhwala atha okha. Komabe mawu a mlangizi sankamuchoka m'makutu, ndipo akaulula za jakisoni ndiye kuti aululanso za masabata awiri aja.

Tsiku lina akusankha mbatatesi zobzala pakhonde, adamufotokozera mkazi wake zonse. Atikonda adali m'gulu la amayi okaphika paukwatiwo.

"Ndiye mukufuna ndikagawire ana a anthu nyama imeneyo, ine ndikudziwa?" adafunsa. "Munasiya kupopera chifukwa cha ine. Ngati mukuopa, tipitire limodzi."

Lazarus adati apita yekha.

Lachitatu m'mawa adawapeza mayi Lufina atatsamira mtengo wa khola, akuiyang'ana ng'ombe yawo. Adavula chipewa.

"Mayi, ng'ombeyi siyingaphedwe mawa. Inadwala inu muli ku Lilongwe, ndipo a Kenneth anaibaya. Akuti mankhwala akadali m'thupi."

"Inadwala chiyani?"

"Matenda a nkhupakupa. Akazanga ali m'chipatala ndinadumphitsa kupopera kawiri. Mlandu ndi wanga."

 Mayi Lufina adatulutsa foni, n'kupatukira kuseri kwa nkhokwe ya madeya kukalankhula ndi a Kenneth. Atabwerako nkhope idali itagwa.

"A Lazarus, akuchimuna ndinawaonetsa ng'ombe iyi ndi dzanja langa. Mukadandiuza kuti muli ndi matenda pakhomo, ndikadapeza munthu wopopera. Kodi ndinakuthamangitsanipo tsiku lina?"

"Ayi, mayi."

"Nanga m'kholamu ilipo ina yobayidwa?"

"Palibe. Zinazo zonse zili bwino."

Mayi Lufina adasankha yakuda, yocheperapo, imene idali isadakwanitse miyezi yake itatu m'khola. Pophedwa a Kenneth adabwera kudzaona chiwindi ndi mapapo, ndipo adati nyama ndi yabwino.

Paukwati nyama idachepa. Amayi ophika ankadula nthuli zing'onozing'ono, n'kuonjezera nyemba ndi kabichi. Lazarus, ali kokawaza nkhuni, adamva atsibweni a mkwati akufunsa ngati ng'ombe yotchuka ija idasungunuka panjira. Anthu adaseka. Mayi Lufina adayankha kuti ng'ombeyo idadwala ndipo ili pamankhwala, ndiye iwo sakadafuna kudwalitsa alendo awo. Dzina la Lazarus sadalitchule.

Sabata yonse yotsatira mayiwo ankangomupatsa moni basi. Lazarus ankayembekezera kuti tsiku lililonse auzidwa kuti asabwerenso. Lolemba linalo adamuitana pakhonde, atakhala ndi chitini cha penti yachikasu.

"Mumange kakhola kena pambali, ka zodwala," adatero. "Yobayidwa iliyonse muziipaka penti panyanga, kuti ngakhale ine kulibe, munthu asainyamule. Ndipo pakhomo panu pakadzagwanso vuto, ndizimva kwa inu."

Lazarus adalandira chitinicho ndi manja awiri. Adafuna kuthokoza, koma mayi Lufina adali atayamba kale kufunsa ngati mitengo ya bulugamu ya kudimba ingakwane kakholako.