Chikanda cha Amayi a Kasuba

M'nyengo yozizira, magetsi atazima ku Kabwata, amayi a Kasuba analowetsa mbaula kuchipinda n'kutseka mazenera. Anawapeza atakomoka. Kuchipatala anawapatsa mpweya, anatsitsimuka, n'kubwerera kunyumba akuseka. Aliyense anati zatha.

Patapita masabata, linafika tsiku la chilanga mulilo, loti akuchikazi anyamule zakudya kupita kwa mkamwini ku Chelstone. Mkwatibwi anali Kasuba. Chikanda, chakudya chophika ndi nsinjilo, anasiyira amayi ake, poti chawo chinkatchuka mpaka ku Libala.

Kasuba anawapeza kukhitchini ataima, mthiko uli m'manja, madzi akuwira okha mumphika.

"Ba mayo, nsinjilo mwaika?"

"Nsinjilo," anabwereza iwo, ngati akulawa mawuwo. Anauyang'ana mthiko uja, kenaka anauika m'firiji bwinobwino.

Azakhali ake, ba Chibesa, anaomba m'manja. "Naona kale ine! Safuna mwamuna wako chifukwa ni kondakitala wa minibasi. Afuna tikachite manyazi!"

Kasuba anayang'ana kumapazi kwa amayi ake. N'zoona amayi anadandaulapo za mkamwiniyo. Koma kodi munthu wokwiya amavala nsapato zosiyana? Dzulo lake anawaona akuyenda mokwakwaza mapazi, ngati pansi pali thope.

"Kapena ni mbaula ija," anatero chapansipansi.

"Iwe, mbaula ya liti? Anapola! Sunamuone akuvina ku chechi?"

Anawaonadi akuvina. Nanga munthu wochira angadwalenso utsi umene unatuluka kalekale? Komabe mawu a namwino wina wa kuchipatala kuja anali kumubwerera m'mutu, oti utsi wa makala nthawi zina umavulaza ubongo mochedwa, ndipo amayi akadzayamba kusokonezeka abwere nawo msanga. Tsiku lija mawuwo sanawamvetse.

Panja ng'oma zinayamba. Galimoto yodzaza miphika inaliza hutala. Amayi anatembenuka, namuyang'ana Kasuba mwaulemu ngati mlendo.

"Pepani mayi, ukwati ni wa ndani?"

Kasuba anavula chitenje chimene anamufunditsa kumutu, nawagwira dzanja.

"Mkwatibwi satuluka!" anakuwa ba Chibesa. "Akuona bantu!"

Anatuluka ndithu. Ng'oma zinaleka imodziimodzi. Anasuntha mphika wa nkhuku pampando wa galimoto, nakhazika amayi ake.

"Ku Chelstone?" anafunsa dalaivala.

"Ku chipatala, ba dalaiva."

"Na vakudya vonse ivi?"

Kasuba anangotseka chitseko.